Sitima ya Abambo Yasiya Kulankhula

Semarang,
9 Juni 2024

Okondedwa alongo anga aakulu, Mbak Wening,

Ndikhulupirira muli bwino ku Taichung, ndipo agogo amene mukuwasamalirawo sakukutopetsani kwambiri. Kuno tikudzuka. Abambo miyendo ndi yomwe ija, koma dzanja lamanja layamba kugwira kapu lokha. Mkazi wanga Lastri akuti mafuta opaka munatumiza aja afika, athokoza.

Mudabwa kulandira kalata ya papepala kuchokera kwa ine, munthu waulesi ngakhale poyankha uthenga wa pafoni. Mwina mwadabwa kale kuti masabata atatu tsopano, mukaimba Lamlungu, Lastri amati ndili kumzikiti. Mlongo wanune sindinapembedzepo chotero chibadwire. Ndimakhala ndili kuseri kwa nyumba, kukuthawani. Nkhani yake ndi ya sitima ya Abambo, ndipo pakamwa yandikanika.

Mukudziwa kuti chidwalireni sitiroko, tsiku lawo lonse limadikira kainjini kachidole kaja. Swala ya madzulo ikatha ndimawakankha pa chikuku chawo mpaka pa tebulo la njanji, iwo n'kudina batani lachiwiri. Ndiye imalira hutala yawo yeniyeni, kamodzi motalika, kawiri mwachidule, monga ankalizira akuyendetsa sitima yaikulu, akamadutsa kuseri kwathu polowa pa siteshoni ya Poncol. Kenako pamamveka Amayi, pafupi penipeni ndi wailesi imene ankajambulira: "Abambo anu awo! Wening, tereka madzi, asapeze khofi wozizira!" Masekondi khumi ndi awiri basi. Ndine ndinawachotsa pa kaseti Amayi atangotisiya, n'kuwaika mu dikoda, kabongo kaja kakang'ono ngati chikhadabo kamene kamasunga mawu a tisitima timeneti. Ndinenso ndimakuikirani foni pa sipika Lamlungu lililonse kuti mumve dzina lanu likuitanidwa.

Mwezi watha mawu anayamba kusasa. Hutala inkamveka ngati bakha, Amayi ngati akulankhulira m'chitini. Abambo, ndi lilime lawo lolemera lija, anati, "Jo, amayi ako agwidwa chifuwa. Pita nawo kuchipatala."

Ndinaseka, n'kutenga injini kupita nayo pa tebulo langa la ntchito. Mbak, ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi awiri. Aliyense wobwera kudzaphunzira ndimamuimbira nyimbo imodzi: pukuta mawilo ndi njanji, yeza mawaya, tsegula sipika uione ndi maso ako, ndipo za m'kati mwa dikoda uzikhudze pomaliza penipeni. Mawilo ndinapukuta. Mawaya ndinayeza, onse abwino. Koma sipika ili m'kati mwa thanki ya mafuta, pansi pa injini, ndipo thankiyo ndinaimata ndekha ndi guluu wambiri. Kuitsegula kunali kukanda penti imene Abambo anapaka ndi dzanja lawo lisanafooke. Ndinadziuza kuti sipika ilibe vuto, ndi kuthimathima kwa magetsi kumene kwasokoneza mawu mu dikoda, ndingowalowetsanso. Mu kompyuta munali fayilo yolembedwa dzina la Abambo. Sindinaimvetsere n'komwe. Ndinalumikiza waya, n'kudina, n'kupita kukamwa tiyi.

Nditabwerako ndinadina batani lachiwiri. Inalira hutala wamba, kamodzi, yosasa ngati kale. Ndinadikira Amayi. Zii.

Fayilo ija inali yoyesera chabe, imene ndinapanga poyamba ndi hutala yotola pa intaneti. Yeniyeni inali mu kompyuta yakale, imene inamira limodzi ndi kaseti chaka chija madzi analowa m'nyumba mpaka m'chiuno. Ine zaka zonsezi ndimangoona dzina la fayilo, mtima n'kukhala m'malo. Ndipo dikoda imalandira mawu koma siibweza. Sungawakopere kwina, ndipo atsopano akalowa akale amafufutika.

Pamenepo ndi pomwe ndinatsegula thanki. Maginito a sipika anali atatola fumbi la chitsulo, ndipo pakati penipeni panakhala kamsomali kamodzi kokhomera njanji. Ndinakachotsa ndi selotepi, mphindi imodzi yosakwana. Hutala inalira bwino, Mbak, bwino kwambiri, koma ya munthu amene sitikumudziwa.

Ndinathamangira kwa Koh Handoyo, mkulu uja wa sitolo ya tisitima amene anandiphunzitsa kuwotcherera mawaya. Atamva anaomba m'manja.

"Prasojo, iweyo? Mlaliki wa sipika? Ukanakhala wophunzira wanga lero ndikanakupatsa tsache, uzisesa basi."

"Koh, palibe njira yowatulutsira?"

"Njira ilipo. Ukawadzutse amayi ako ajambulenso."

Atandiyang'ana kumaso anavula magalasi, n'kundikokera mpando. "Pepa, mwana wanga, pakamwa pangapa ndi pa sitolo. Khala pansi. Zimenezi ngakhale anakapanga kachipangizoka sangazibweze."

Masabata awiri ndinawanamiza Abambo kuti ndikudikira chitsulo china kuchokera ku Jakarta. Swala ikatha ankandiuzabe kuti ndiwakankhire pa tebulo, n'kukhala pamenepo kuyang'ana njanji zopanda kanthu. Sankafunsa. Akanafunsa mwina ndikanapepukidwa. Lastri ndiye anatopa nane.

"Mas, amuna anga, mubisa mpaka liti? Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mwamanga, mwakhalamo, tsopano boolani khoma mutuluke. Inenso ndatopa kunamizira mzikiti."

Lachinayi ndinaika injini pa njanji. Abambo anamwetulira mbali imodzi ija, n'kudina batani. Anamvetsera. Anadinanso.

"Woyendetsa ameneyu ndani?"

Ine ndinayang'ana pansi.

"Ameneyu alibe mkazi kunyumba," anatero. "Akungothamangitsa mbuzi pa njanji."

Ndinagwada, n'kuika mutu pa maondo awo monga timachitira popepesa pa Lebaran, chikondwerero chomasula kusala kudya, ndipo ndinawauza zonse, za guluu, za tiyi, za kamsomali. Ndinalira ngati mwana, bambo wa imvi ine. Kenako dzanja lija limene langoyamba kugwira kapu linafika pamutu panga.

"Dzuka, ukundinyowetsa nsalu. Ine mkazi ameneyu ndinamumva zaka makumi anayi. Ali m'makutumu, ngakhale nditafuna kumuzimitsa sangalole. Amene wamubera ndi Wening. Iye uja ali yekha kwa eni, ndipo ndi dzina lake linali m'menemo. Umuuze wekha. Katundu ameneyu sindikusenzera."

Musaganize kuti sizinawapweteke. Sitima akuyendetsabe madzulo alionse, koma batani lachiwiri salikhudza. Imangozungulira mwakachetechete, iwo akuitsata ndi maso, milomo ikugwedezeka. Ndikaona zimenezo ndimatuluka panja.

Ndiye ndi zimenezo, Mbak. Ndafufuta mawu a Amayi, okhawo amene tinali nawo. Sanachite ndi madzi, sanachite ndi magetsi, ndachita ndine, chifukwa choopa kukanda penti komanso kudzikhulupirira. Inu munasiya kwanu kukasambitsa makolo a anthu ena kuti ife tisamale athu, ndipo chimene munkapempha kwa ine ndi masekondi khumi ndi awiri pa sabata. Ndachita manyazi, ndipo ndikupepesa ndi mtima wanga wonse.

Pempho ndili nalo, ngakhale sindiyenera kupempha. Mufufuze m'foni yanu, ndi yakale ija ngati mukadali nayo, mwina tsiku lina munajambulako pamene ndinkakuimbirani. Ngakhale zosamveka bwino, ngakhale theka, ine ndidzazikonza. Koma ndikudziwa kuti mukanakhala nazo mukanandiuza kale, choncho musadzivutitse kundisangalatsa.

Abambo akupereka moni, akuti muzivala zofunda ndipo musamadumphe chakudya. Lastri akuti akukusungirani nsalu ya batiki yobiriwira imene anaona kumsika, akuti ndi yanu basi. Koh Handoyo nayenso akuti ndikupatseni moni, ndipo akuti mukafuna wondimenya iye alipo.

Kalatayi ikakufikani, Lamlungu mukaimba ndidzayankha ndekha. Chonde musadzakhale chete, ndipo musadzafulumire kunena kuti palibe kanthu. Mudzandikalipire, Mbak, mokweza, mpaka mutatopa. Mukamakalipa mumamveka ngati Amayi ndendende, ndipo ine tsopano ndilibenso kwina kowamvera.

Ndine mlongo wanu wokulakwirani,

Prasojo