Papirika Amene Anawamba Alamu Damaris

Tembwe,
Chama.
20 Julayi 1997.

Okondedwa alongo anga a Oscar,

Choyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Kitwe. Chifuwa chija munadandaula nacho chinatha? Ngati mpaka manje simunapite kuchipatala musandiuze, ndingakwiye pachabe. Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Amayi mwendo wokha ndi umene umawavuta kukazizira m'mawa. Mpunga tinamaliza kupuntha, ndipo chaka chino mbalame sizinatidyere kwambiri. Za atate ndinena bwino kutsogoloku, koma musadzidzimuke, ndi nkhani yabwino.

Kalata yanu ndinalandira. Mwalemba kuti mukubwera mu Ogasiti kudzatenga alamu a Damaris kuti mukawatule kwawo ku Chikwa, chifukwa simungasunge mkazi wowononga thukuta la makolo anu. Ndafulumira kulemba kuti ino ikupezeni musanakwere basi. Khalani pansi muwerenge yonse, osadumpha mizere monga mumachitira.

Zimene ndinakulemberani mu Meyi mukuzikumbukira. Ndinati papirika wathu yense, tsabola wofiira wosawawa uja tinayamba kulima chaka chino, alamu anamuwamba pamoto ngati nsomba. Ndinati ogula atabwera ndi lole yawo anangonunkhiza thumba limodzi n'kulikankhira pambali, ati akufuna wouma ndi dzuwa, wa utsi sagula. Zonsezo n'zoona. Ndinalembanso mawu ena okhudza mutu wa akazi anu amene sindiwabwereza. Amenewo ndinalemba ndi mkwiyo, ndipo mukudziwa kuti ine ndikakwiya cholembera chimathamanga kuposa nzeru.

Manje mverani zimene sindinalembe.

Alangizi a zaulimi atabweretsa mbewu anasiya kapepala ka malangizo m'Chingerezi. Pakhomo pano wowerenga Chingerezi ndine ndekha. Kapepalako kananena poyera kuti utsi usamukhudze papirika. Ine ndinakawerenga, ndinakapinda, n'kukaika m'Baibulo langa. Sindinawauze alamu. Osati kuiwala ayi. Zinkandikomera kuti aliyense azibwera kudzandifunsa ine, mwana wa Giredi 12.

Kumapeto kwa Epulo tinathyola papirika n'kumuyanika pamphasa pabwalo. Ine ndinapita kuboma kukatenga satifiketi yanga. Ndinati ndibwera mawa lake. Ndinakhala masiku anayi, chifukwa mnzanga Purity anali ndi kicheni pati, phwando lolangiza mkwatibwi lija, ndipo ndinafuna kuvina. M'masiku amenewo ndi m'mene kunagwa mvula ija yosayembekezeka, yamawawa, masiku atatu dzuwa osaoneka. Atate anali atagona kale ndi malungo, amayi ali pambali pawo. Alamu anatsala okha ndi mphasa khumi ndi ziwiri za tsabola wonyowa.

Mwana wa msodzi ngati alamu akaona chinthu chikufuna kuola amachita chiyani? Anamanga nsanja m'khitchini, anayala matete, anasonkha moto wa nkhuni za tsanya pansi pake, wopanda malawi, utsi wokhawokha, monga amachitira kwawo ndi nsomba za mu Luangwa. Anakhala akutembenuza masiku onsewo mpaka maso anafiira ngati papirika yemweyo. Ine ndinafika ndi satifiketi m'manja, ndinamva fungo ndili kumsewu, ndipo ndinayamba kulalata ndisanatule chikwama.

China chimene sindinakuuzeni n'chakuti anzathu amene anangokundika wawo m'nyumba n'kufunditsa masaka, papirika wawoyo anachita chuku yense. Ogula anamukananso. Wawo anakataya kudzala. Wathu anatsala m'matumba, wouma gwa, wonunkhira utsi, ndipo ine ndinkati ndikadutsa pafupi ndinkatsonya.

Miyezi iwiri sindinalankhule ndi alamu. Akandipatsa moni ndinkayankha khoma. Madzi osamba akanditengera ndinkawasiya azizire. Mumandidziwa, mpaka lero sindinamukhululukire msuweni wathu Jeff pa nkhani ya nsapato zanga za ku Giredi 7.

Manje za atate. Malungo anatha ndi mankhwala a kukiliniki, koma chilakolako cha chakudya sichinabwerere. Chilichonse ankati chikumveka ngati thonje m'kamwa. Tsabola wowawa amene ankawatsegula kukhosi kale anawaletsa chifukwa cha zilonda za m'mimba zija. Ankapempha nyama yowamba yokha, ngati imene ankadya ali anyamata, koma inu mukudziwa kuti masiku ano ukapezeka ndi kachidutswa ka mbawala a gemu, alonda a nyama zakutchire aja, amakutenga. Tinapha nkhuku, analawa msuzi n'kukankha mbale. Lamba anaboola mabowo awiri atsopano. Amayi anayamba kulankhula zoti tikuitaneni.

Tsiku lina masana ndinamva mtondo ukulira kuseri kwa khitchini. Ndinasuzumira. Alamu anali atatenga papirika wokanidwa uja, achotsa timitengo ta kumutu ndi njere, akusinja, akusefa, akusinjanso, mpaka unatsala ufa wosalala wofiira ngati dothi la kuchulu. Ndinaswa lamulo langa la kusalankhula, ndinawafunsa ngati manje afuna kutipha ndi mwaye. Anatenthetsa timafuta pang'ono, anakazinga anyezi, anachotsa poto pamoto, n'kuthira kasupuni kamodzi ka ufawo. Mafuta anasanduka ofiira. Anathira m'nyemba zimene zinali zitapsa kale n'kuzisiya zibwate pang'ono.

Alongo, fungo lake! Atate ali m'nyumba anafunsa kuti wabweretsa nyama ndani. Amayi anati palibe. Atate anati tisawanamize, iwo si mwana. Anadzuka okha, anatuluka atagwira khoma, anakhala pampando wawo pakhonde. Anadya nyemba mbale yonse akufunafuna fupa ndi chala. Atamaliza anati nyamayo yaphikidwa mpaka kusungunuka, wophikayo adalitsike. Amayi anatembenukira kumbali akupukuta m'maso. Ine ndinadya zanga kuseri kwa nkhokwe kuti alamu asaone kuti ndawonjezera.

Kuyambira tsikulo atate akudya. Tinawauza zoona pa tsiku lachitatu, anaseka mpaka kutsokomola, anati ngati utsi wokha ukukoma chonchi ndiye zaka zonsezi ankathamangitsa nyama pachabe. Manje akuyenda mpaka kudimba, ndipo dzulo anakalipira mbuzi za eni ndi mawu awo akale aja. Sindinaganizepo kuti ndidzakondwera kumva atate akukalipa.

Alamu ufa uja akuuyesa paliponse. M'chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, amathira pang'ono nsinjiro zikapsa. Mumpunga amathira pamodzi ndi anyezi, umatuluka wofiirira ngati wa paukwati. Amawaza pa mazira, pa mbatata ya kandolo yowotcha, ngakhale pa nsomba zaziwisi asanaziike pamakala. M'therere tinayesa, sizinakome, musadzayese. Ine ndinayesa kuphika ndekha tsiku lina, ndinathira m'mafuta owira poto ali pamoto, unapserera nthawi yomweyo n'kuwawa ngati kwinini. Alamu anangotenga poto, anatsuka, n'kuyambanso. Kuleza mtima kwawo kumandipweteka kuposa kutukwana.

Nditawaperekeza atate kukiliniki, anesi a Salome anadabwa sikelo itakwera. Ndinawaonetsa ufawo m'kabotolo. Anati tsabola wofiira ali ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi khungu, ndipo zimalowa bwino m'thupi ukaphika ndi timafuta kapena nsinjiro. Anati vitamini C amachuluka mu wamuwisi, akauma wambiri amatha. Koma anandichenjeza kuti ndisayende m'mudzi n'kumalalikira kuti tapeza mankhwala. Kasupuni kamodzi sikachiritsa munthu. Chimene chawadzutsa atate ndi nyemba, ndiwo zamasamba ndi nsinjiro zimene akudya manje chifukwa zikuwakomera. Anawonjeza kuti ndiwo zikakoma chonchi mchere umachepa m'poto, ndipo zimenezo n'zabwino kwa amayi ndi kuthamanga kwa magazi kwawo. Pomaliza anapempha kabotoloko. Sanabweze.

Imvani iyi museke. Sunday uja munkaphunzira naye ku pulayimale, manje ndi wa gemu. Sabata yatha anadutsa masana ndi yunifolomu yake, anaima pamsewu, mphuno m'mwamba. Analowa pabwalo n'kunena mwaulemu kuti pepani amayi, ntchito ndi ntchito, pakhomo pano pakumveka nyama yowamba ndipo ayenera kuona m'poto. Amayi anamupatsa chipande. Anavundula mpaka pansi, anapendeka poto, anayang'ana ngakhale kudenga la khitchini. Nyemba zokhazokha. Ine ndinamuuza kuti alembe m'buku lake kuti wagwira nyemba zopanda laisensi, ndipo ngati akufuna azimange unyolo apite nazo kuboma. Anati pakamwa panga mpomwe pakuchedwetsa ukwati wanga. Ndinati ngati amuna ake ndi osasiyanitsa nyemba ndi njati, ndidikira. Anadya mbale ziwiri, ndipo mawa lake mkazi wake anabwera ndi kambale kudzapempha ufa.

Manje azimayi akubwera mmodzimmodzi. Ena akubweretsa mtedza, ena nkhuku, kusinthanitsa ndi ufa. Aphunzitsi a ku pulayimale, ochokera m'matauni aja amene amadandaula kuti kuno kulibe zokometsera, ndiwo sachoka pakhomo. Alamu akuti chaka chamawa tidzayanike wambiri padzuwa wa ogula, koma mizere iwiri adzawambe dala. Anthu ayamba kuutchula kuti ufa wa a Damaris. Poyamba dzinalo linkandibaya. Manje ndazolowera, ndiponso ndi lawo ndithu.

Chovuta kunena chatsala ndi ichi.

Alamu sadziwa kuwerenga, ndipo makalata anu onse amawerenga ndine. Yanu yomaliza ija ndinawawerengera moni ndi za chifuwa chanu, koma za ku Chikwa ndinadumpha. Ndinakhala nayo masiku asanu ndi limodzi, ndikudya ndiwo zawo, ndikuona atate akunenepa ndi dzanja lawo, ndikudziwa kuti ukwati wawo ukutha chifukwa cha kalata yanga.

Lachisanu tili awiri kuchitsime ndinawauza zonse. Za kapepala ka m'Baibulo, za kicheni pati, za mawu amene ndinakulemberani, ndi zimene mwayankha. Mawu akuti pepani anatuluka movuta ngati dzino la kumapeto, koma anatuluka.

Ndinkayembekeza kuti alira kapena anditukwana. Anamaliza kutunga, anatula chidebe pansi. Anati ankadziwa kuti m'kalatamo munali zina, chifukwa pepala linali lodzaza mbali zonse koma ine ndinawerenga pang'ono n'kulipinda msanga. Anati zitenje zawo anamanga kale m'kathumba, akungodikira. Anati chimene chinawapweteka si kulalata kwanga, koma kuti inu, amuna awo, mwaweruza mlandu muli ku Kitwe osawafunsa n'liwu limodzi.

Ndiye pempho langa ndi ili, alongo anga. Bwerani mu Ogasiti, tikufuna kukuonani, atate akuwerenga masiku. Koma za ku Chikwa zichotseni m'mutu. Kalata yanga ya mu Meyi ing'ambeni. Ngati pali wina woyenera kutulidwa kwawo ndi ine, mwamwayi ndili kale kwathu. Mukaumirira, dziwani kuti ndidzakwera nanu lole imodzi, ndikakhala pamaso pa amalume awo ndi kunena zonse ndalembazi, ndi zina za inu zimene sindinalembe. Atate ndi amayi ndawauza. Atate anati mukayerekeza, mukatule iwonso.

Ndipo mukafika musayambe ndi ine. Muyambe mwakhala pansi ndi akazi anu, muwafunse, mumve m'kamwa mwawo. Ndisakunamizeni kuti zonse zatha. Kathumba kaja sanamasule. Akuti adzamasula akamva mawu anu.

Ndatumiza kabotolo ka ufa pamodzi ndi kalatayi kudzera mwa aphunzitsi a Justin amene akupita ku Kitwe patchuthi. Muzitseka bwino ndi kusunga posafika dzuwa, apo ayi mtundu ndi fungo zimathawa. Kasupuni kamodzi kakwanira poto.

Mundiperekere moni kwa amalume a Gregory ndi banja lonse, makamaka kwa mwana wawo Everlyn, mumuuze kuti ndikudikirabe chithunzi chimene analonjeza. Amayi akuti muzivala juzi. Mulungu akusungeni pantchito, akuyendetseni bwino pamsewu wa Lundazi, mufike kuno ndi mtima wofewa.

Alamu anandipempha chinthu chimodzi chokha kuti nkhani yathu ithe. Akuti ndiwaphunzitse kuwerenga, kuti makalata a amuna awo asamadutsenso m'kamwa mwanga. Zinandiwawa, koma akunena zoona. Tayamba dzana, pamchenga kuseri kwa khitchini. Ino ndawawerengera yonse, osadumpha mzere, ndipo dzina lachiwiri pansipa alemba okha. Chilembo cha S chatembenuka, musaseke.

Ndine mlongo wanu,
Tryness

DAMARIS