Impso Imene Ndasungira Rawya

Lamlungu, 5 Okutobala

Zotsatira zatuluka. Magazi anga ndi a Rawya agwirizana. Impso yanga ingathe kugwira ntchito m'thupi mwa mng'ono wanga. Ndinalira pamaso pa dokotala, osachita manyazi.

Kenako akuti ndikwere pa sikelo. Makilo 96. Dokotala Nermin, mayi wowonda ngati singano, anayang'ana nambalayo n'kundiyang'ana ine. "Mayi Sawsan, impso zanu zilibe vuto. Koma ndi thupi limeneli sindingakuchiteni opaleshoni. Imodzi yotsalayo idzatopa msanga." Nditsike mpaka 88. Ndikaonekerenso pa 9 Disembala.

Rawya chaka chachiwiri tsopano ali pa makina otsuka magazi, katatu pa sabata. Madzi akumwa mochita kumuyezera. Amuna ake magazi sanagwirizane. Kamwana kake Lujain sikanayambe n'komwe sukulu. Wotsala ndine.

Pobwerera kwathu ku Mahalla ndinatsikira pasiteshoni n'kugula koshari, mpunga wosakaniza ndi makaroni ndi mphodza, mbale yaikulu, anyezi wokazinga wambiri. Ndinadya choimirira. Ndati yotsanzikira. Mawa kuyamba.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kudzuka kusanache. Nyemba ndi buledi wotentha za mwana wanga Ziyad ndi bambo ake. Ine dzira limodzi ndi nkhaka. Tiyi wopanda shuga, ngati madzi otsukira poto.

Kufakitale kwabwera oda ya zovala zogonera za ana, akuzifuna mwezi usanathe. Mzere wonse wa amayi osoka uli pamutu panga. Phokoso la makina, mutu kuwawa tsiku lonse.

Nthawi yopuma amayi anayala nyuzi pansi, aliyense n'kutulutsa chake. Mnzanga make Bilal anabwera ndi fitiri wa uchi, buledi wopindapinda wa batala, mafuta mpaka kudontha papepala. Ataona nkhaka zanga anati, "Kuonda ukalamba uno? Bambo a Ziyad apeza kamtsikana kapena?" Onse kuseka. Ndinaseka nawo. Sindinawauze chifukwa chake.

Dokotala akuti ndiziyenda pansi tsiku lililonse. Nthawi yanji? Ndimafika dzuwa litalowa. Kuphika, kuchapa, kukhala ndi Ziyad pa masamu ake. Ndikagona pabedi miyendo imachita kugunda.

Lachisanu, 10 Okutobala

Kwa amayi anga, monga Lachisanu lililonse. Anaphika bakha, ndi masamba a kabichi okulungamo mpunga, amene ndimawakonda kuyambira ndili mwana. Akudziwa zonse. Tsiku limene ndinawauza zotsatira anangoti, "Mulungu ndiye adziwa," n'kulowa kukhitchini.

Lero ndinati andiikire pang'ono. Anadzaza mbale mpaka kusefukira. "Idya. Munthu wogwira ntchito sadya masamba okha ngati mbuzi." Ndikachepetsa, iwo kuonjezera. Ndinadya. Ndinadya zonse, n'kunyambita zala.

Rawya anali moyang'anizana nane. Kambale kake ka mpunga woyera wopanda mchere. Nkhope yotupa, milomo youma. Anayang'ana mbale yanga kamodzi kokha, n'kuyamba kudyetsa Lujain.

Pobwerera bambo a Ziyad anati, "Ine sindikukuletsa. Ndingofunsa, ukakagona kuchipatala, nyumba ino aiona ndani?" Ndinati nyumba siithawa. Tsiku lonse ali pantchito yawo ya minibasi, ndikudziwa amatopa. Koma funso la nyumba lokha basi?

Lachinayi, 23 Okutobala

Sikelo ya kogulitsira mankhwala pakona: 94. Mnyamata wogulitsa... ayi, mwini wake yemwe, anawerenga mokweza anthu ali pamzere. Sindipitanso nthawi ya anthu ambiri.

Ndapeza njira yoyendera. Ndimatsika basi pamlatho, kotsalako wapansi. Mawondo kulira. Thukuta mpaka mpango kunyowa. Ndimafika mochedwa, chakudya chimachedwa, nkhope za anthu m'nyumba muno zimakwinyika.

Chodabwitsa, amayi ayamba kubwera kuno. Iwo amene amati masitepe athu adzawapha, chaka chatha sanakwerepo. Lolemba anabwera ndi makaroni a mu uvuni. Dzulo thireyi ya keke ya basibusa, manyuchi ake akudontha. Anakhala pampando kupuma ngati akomoka. "Ndi za Ziyad izi, osati zako." Ziyad sakonda basibusa. Akudziwa bwino.

Ndinadula kakona kamodzi. Kenako kena, kuti pawongoke. Chitseko cha firiji chili chotsegula, ine chilili.

Loweruka, 1 Novembala

Oda sinathe. Tikuweruka mochedwa sabata yonse. Kuyenda kwalekeka.

Make Bilal anandibweretsera tiyi wa masamba, akuti mlamu wake anaonda naye mwezi umodzi. Ndinamwa masiku awiri. Kuchimbudzi kosalekeza, mzere kuusiya wopanda woyang'anira, bwana kundikalipira pamaso pa atsikana. Ndinaimbira nesi wa kwa Dokotala Nermin kufunsa. Anandidula pakamwa. "Tayani lero lomwe. Zimenezo zimaononga impso. Mukufuna tikhale ndi odwala awiri?"

Ndikanaiononga ndekha, ndisanaipereke n'komwe.

Ndinamuuza make Bilal zonse, kuseri kwa mabelo a nsalu. Kenako nthawi yopuma anaimirira pakati pa amayi. "Aliyense amene apatse Sawsan chotsekemera ndimusoka pakamwa ndi makina awa." Fitiri wake tsopano amadyera kumbali, atandifulatira. Fungo lokha limandipeza.

Lachitatu, 12 Novembala

92.

Mtsempha wa pamkono wa Rawya, umene amalumikizapo makina, watsekeka. Amuika kapaipi m'khosi. Ndinapempha kuchoka masana, andidula malipiro a tsikulo, zilibe kanthu. Ndinamupeza atagona chammbali, bandeji pakhosi, tsitsi litathothoka pamwamba pa mphumi. Anafunsa ngati Lujain wadya. Za iye mwini ayi.

Dokotala wa kumeneko anandiuza pakhonde kuti kapaipi sikokhalitsa, kamabweretsa matenda. Anafunsa ngati pabanja pali wopereka. Ndinati alipo, ndine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Tanthauzo lake ndinalimva.

Ndili ndi njala nthawi zonse. Ndikakwiya njala. Ndikaopa njala. Ndimalota buledi.

Lachisanu, 14 Novembala

Ndalakwitsa. Kapena sindinalakwitse, sindikudziwa.

Kwa amayi. Rawya watuluka m'chipatala dzulo, anagona kuchipinda chamkati. Ine ndinapita ndi chakudya changa m'kabokosi, nsomba yowotcha ndi masamba. Amayi anakalanda n'kukaika pamwamba pa kabati, n'kundiikira mpunga wa batala ndi nyama yonona. Ndinawatsatira kukhitchini. Mawu anatuluka okha. Ndinati, mukuchita dala, kodi mukufuna Rawya afe?

Sanandimenye, ngakhale ndimayembekezera. Anazimitsa moto, n'kupukuta manja pang'onopang'ono. "Ndinabereka ana awiri. Mmodzi ndikumuona akutha. Iwe ukufuna ndikakhale pabenchi kuchipatala, zitseko ziwiri zitatsekedwa, ndisakudziwa kuti atuluke ndani? Nenepa, mwanawe. Madokotala akukane. Unditsalire iweyo."

Potembenuka, Rawya ali pakhomo la khitchini, atagwira khoma. Anamva zonse. Anangoti, "Ndimafuna madzi," n'kubwerera osatenga madziwo.

Palibe amene anadya. Ana okha.

Lamlungu, 16 Novembala

Rawya sakuyankha foni. Amuna ake akuti wagona. Masana, madzulo, wagona.

Dzulo ndinatsika basi pamlatho ngati ndiyende. Ndinalowa m'sitolo ya zotsekemera. Sindilemba zimene ndinadya. Lero chimodzimodzi. Make Bilal anaona mapepala m'chikwama changa, sananyoze, anangowatenga n'kukataya.

Chimene chikundiopsa ndi ichi. Amayi atanena mawu aja, penapake mumtima mwanga munapepuka. Ngati wina wandipatsa chilolezo. Ndimaopa mpeni. Ndimaopa kugonekedwa osadzukanso, Ziyad n'kuleredwa ndi mkazi wina. Sindinauzepo munthu. Bambo a Ziyad amaganiza kuti ndine wolimba mtima, n'chifukwa chake amangofunsa za nyumba.

Lolemba, 24 Novembala

93 ndi theka. Zonse za masabata awiri zabwerera.

Sindinapite kuntchito. Ndinapita kumene amatsuka magazi, poti pamakina sangandithawe. Chipinda chozizira, anthu ndandanda pamabedi, mapaipi ofiira. Rawya atandiona anatembenukira kukhoma.

Ndinakhala pakampando. Patapita nthawi anati, "Achemwali, siyani. Idyani mwamtendere. Amayi akunena zoona. Ndauza kale amuna anga kuti yanu sindilandira."

Ndinamuuza kuti ndikuopa. Zonse, za mpeni, za Ziyad, za sitolo ya pamlatho. Ndimaganiza akhumudwa. Anatembenuka, kapaipi kakugwedera pakhosi. "Ndiye mumaganiza ine sindikuopa? Lachisanu lililonse ndimawerenga masupuni anu. Mukadya ndimakwiya. Mukapanda kudya ndimadziona ngati wakuba."

Tinalira. Agogo a pabedi loyandikana anatiuza tichepetse, akumvera wailesi.

Ndinamufunsa chimene akufuna iyeyo, osati amayi, osati ine. Anayankha motsitsa, "Ndikufuna kumwa madzi botolo lonse. Ndikufuna kudzaperekeza Lujain tsiku loyamba sukulu."

Ndinati basi, zatha, usadzanenenso zokana. Anapukuta maso n'kuti, "Koma muichepetse mafuta. Ine impso yonona sindiifuna." Mwana wamwano kuyambira kale.

Lachiwiri, 2 Disembala

Kutopa. Oda ina yabwera. Ndayambanso kutsikira pamlatho, koma ndimadutsa tsidya lina la msewu.

Ndinawauza bambo a Ziyad kuti Loweruka ndi Lachiwiri aziphika okha, ine ndiziyenda. Anadandaula kuti anzawo akamva aseka. Lero akazinga mazira, apsereza poto. Ziyad wadya buledi ndi tchizi. Palibe amene wafa.

Amayi sanabwere chiyambire tsiku lija. Lachisanu sindinapite. Ndikaimba amayankha mawu awiri, ali bwino, mawondo ali bwino. Mtima umandiwawa ndikaganiza ali okha ndi mapoto awo.

Msiketi wabuluu walowa. Zipi mpaka pamwamba. Ndinaima pagalasi, osadziwa ngati ndisangalale.

Lachiwiri, 9 Disembala

90 ndi theka. Sizinakwane.

Ndinavula nsapato, juzi, ngakhale wotchi. Singano osasuntha. Dokotala Nermin analemba n'kuti, "Mwayesetsa, koma sindisintha. Tionane pa 13 Januwale." Ndinamupempha, ndinatchula kapaipi ka m'khosi. Anati akudziwa, n'chifukwa chake safuna kuika wachiwiri pamakina. Mwezi wina wathunthu. Rawya akhala akudikira ndi chinthu chija pakhosi chifukwa cha masiku anga a m'sitolo.

Ndinamuimbira ndili m'basi. Anati, "Chabwino, achemwali." Mawu ofooka. Akuti kuyambira dzulo thupi likutentha pang'ono, mawa akamuona.

Koshari wa pasiteshoni ndinamudutsa. Osati chifukwa cholimba mtima. Chilakolako cha chakudya ndinalibe.

Lachitatu, 10 Disembala

Kufika kunyumba, amayi ali pamasitepe, pansanjika yachiwiri. Mawondo anawakanira pamenepo. Poto pamiyendo, atamukulunga ndi thaulo. Akuti akhala kuyambira masana. Rawya anawauza za sikelo.

Ndinaona potoyo mtima unagwa. Ndinalibe mphamvu zokangananso. Ndinawagwira mkono, tinakwera pang'onopang'ono.

Anavundukula okha patebulo. Mabiringanya ndi kaloti zowiritsa m'madzi. Popanda mafuta, popanda batala. Zotuwa, zophwetekeka, zosaoneka ngati zatuluka m'manja mwawo. Pambali kachifuwa ka nkhuku kosendedwa khungu.

"Ndinafunsa mwana wa aneba, wophunzira unesi uja. Akuti ndi zimenezi. Ine zinthu izi sindidziwa kuphika."

Ndinafuna kuwapsompsona dzanja. Analibweza.

"Usaganize kuti ndavomera. Sindinavomere. Tsikulo kuchipatala sindidzapita, mudzandiuze zikatha." Anandikankhira mbale. "Idya zisanazizire."

Zosakoma n'pang'ono pomwe. Ndinadya zonse, iwo akundiyang'ana supuni iliyonse. Sanaonjezere.

Agona kuno lero, masitepe sangatsike. Kutentha kwa Rawya sikunatsike, amugoneka m'chipatala. Amayi sindinawauze. Ndiwauza mawa, akamwa tiyi.