Ndinawongola msana wa apongozi, mwendo wachita dzanzi

Aphungu,

Chonde dzina langa lisatuluke. Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Msana unkandipweteka chifukwa chowerama pochonga makope, ndiye mnzanga ananditengera kwa katswiri wowongola msana. Anandigoneka pakabedi kake n'kundikanikiza, msana unalira kuti khwa! Ndinadzuka wopepuka ngati mwana. Anandiuza kuti msana ukawongoka thupi lonse limayenda bwino. Kuyambira pomwepo ndinasanduka mlaliki, ndipo ndinaonera mavidiyo pafoni mpaka kudziona kuti ntchitoyo ndaidziwa.

Sabata yatha kunabwera apongozi anga aamuna, telala amene wakalambira pamakina. Akazi anga atapita kumsika, madalawo anadandaula za msana. Ndinati, "Bambo, zimenezo n'zazing'ono, tagonani pakapetipa." Poyamba anakana: "Ine kugona chafufumimba pamaso pa mkamwini? Anthu akalowa aziti chiyani?" Koma ululu unawagonjetsa. Ndinasuntha tebulo, ndinawaika bondo pamsana, n'kukoka mapewa. Msana unalira. Iwonso analira.

Pano mwendo wawo wamanzere wachita dzanzi, akamayenda patapata amavuka osadziwa. Anandinong'oneza kuti, "Izi zithere pompano, mwana wanga asamve." Ndinawalonjeza. Mwana wawoyo atafunsa, anamuuza kuti anaterereka kubafa. Tsono akazi anga akulira kuti ndi iwo anasiya sopo pansi. Agula kale mphasa yarabala, ndipo amawapepesa m'mawa uliwonse ine ndikuyang'ana m'kapu ya tiyi. Kuchipatala madala akukana, akuti adokotala afunsa zambiri. Kodi ndiwatengere mwakachetechete kwa katswiri uja akakonze zimene ndinalakwitsa?

Ine wamanyazi,
D.W.K., m'tauni

Aphunzitsi,

Ndakhala pampando uno nthawi yaitali, koma mkamwini wogwada pamsana pa apongozi ndiyamba kumuona ndi inu. Digiri yanu ndi ya mafumu amene anafa kalekale, anthu oti sangadandaule mukawalakwitsa. Anakunamizani ndani kuti ikukhudzanso mafupa a anthu amoyo?

Kwa katswiri uja musapiteko. Mwendo wadzanzi ndi phazi losamva patapata zingatanthauze kuti mtsempha wapanikizika, mwinanso fupa lathetheka, pakuti mafupa a munthu wamkulu sachedwa kuthyoka. Pakufunika dokotala awapime, mwina awajambule, munthu wina asanaikeponso dzanja. Pitani lero. Mukaona dzanzi likufika pakati pa miyendo, mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka osafuna, kapena mkodzo ukukanika, musadikire n'komwe kuti muvale nsapato.

Kwa dokotala mukanene zenizeni: bondo linali pati, munakoka chotani. Nkhani ya sopo ikamusocheretsa, ndipo wovutika akhala mwini mwendo. Madalawo auzeni kuti achipatala amva zoposa izi, sakakweza ndi nsidze zomwe. Mungawauzenso kuti wopusa m'nkhaniyi ndinu, iwo anangokhulupirira munthu wophunzira.

Koma musanatuluke pakhomo, khazikani pansi akazi anuwo. Inde, mudalonjeza apongozi. Lonjezo limene likuliza munthu wosalakwa m'mawa uliwonse si losunga. Auzeni madala kuti mukukaulula, kenako kaululeni nokha, musawatume. Mayiwo akakalipa, ndipo akalipadi, khalani chete. Apongoziwo ndi bambo awo.

Za ulaliki wanu uja, tsitsani mawu pang'ono. Owongola msana ophunzira bwino amathandiza ena amene msana ukuwapweteka wamba, monga inuyo. Zoti msana wowongoka umachiza thupi lonse, umboni wake ndi wochepa kwambiri. Ndipo khwa! amene munamukonda uja si fupa likubwerera m'malo mwake ayi, ndi kampweya ka m'mfundo, komwe kamalira mukamathyola zala. Wophunzira ntchitoyi amayamba wafunsa zaka ndi matenda a munthu, ndipo ena amawabweza osawagwira. Gawo limenelo m'mavidiyo mulibe, chifukwa silisangalatsa oonera.

Chenjezo langa ndi ili: manyazi anu atha m'milungu yochepa, koma mtsempha ukachedwa kuonedwa nthawi zina sudzukanso. Telalayo amapalasa makina ndi phazi. Pindani nyuziyi, kaitaneni galimoto.

Aphungu