Buku Munalitola Pamoto Lija

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Nthiti zija zinaleka kuwawa? Kuno tilipo. Ine Elube wanu ndidakalimba, ngakhale mano awiri a m'mbali anatsanzika chaka chatha. Musadabwe kulandira kalata yochokera kwa ine. Kusukulu sindinapiteko ndipo sindidzapitako. A sukulu ya kwacha anabwera kawiri kudzandinyengerera, ndinawauza kuti mutu umene wasunga mbewu za banja lonse osasokoneza sungakakhale pamphasa nkumaimba zilembo ngati mwana. Ine ndikuyankhula, wina akulemba. Dzina lake ndikuuzani kumapeto, chifukwa ndikayamba nalo mung'amba pepalali musanamve za ana.

Mdzukulu wanu Esinati anachira kuchipatala kwa Nsambe mvula itangoyamba. Ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo kukwiya kwake ndi kwanu komwe. Tirigu chaka chino wachita bwino kumunda wakumtunda, koma kachewere anapsa ndi chiwawu, tangokumba timiyala. Nachesi munabzala kuseri kwa khola uja wabereka mpaka nthambi ziwiri kuthyoka. Anthu othawa nkhondo a ku Mozambiki akubwerera kwawo pa malole.

Dziko latembenuka, amayi. Zipani tsopano ndi zambiri, ndipo khadi la chipani lija palibenso wolifunsa pamsika kapena pakhomo la chipatala. Mwana wanu Yohane walowa kale zipani zitatu, kulikonse kumene amva kuti akugawa nsalu. Paja munkati Yohane ndi nkhuku, amatsata amene wagwira lichero.

Koma chimene ndakulemberani ndi nkhani ya buku.

Mukuwakumbukira a Gondwe, aphunzitsi a kumpoto aja ankagona m'kanyumba kathu kakang'ono? Dzuwa likapendeka, ife tikupeta tirigu, iwo ankakhala pamtondo wogubuduza nkumatiwerengera buku la chikuto chobiriwira. Linali la munthu wosula makasu amene mfumu inamulamula kusula maunyolo omangira anthu, iye nkukana. Wophunzira wake yemwe, amene anamulera ndi kumuphunzitsa kupemerera moto, ndiye anakamuneneza. Anamudula chala chachikulu cha kumanja kuti asagwirenso nyundo. Iye anayambiranso ndi dzanja lamanzere, makasu oyamba akutuluka opindika, anthu akumuseka, mpaka anadzakhala katswiri kuposa kale. Inu pamenepo munkaleka kupeta nkumati, "Ameneyo ndiye mwamuna, osati awa." Tsiku lomaliza anatiwerengera pamene wophunzira uja anabwera akuthamangitsidwa, nkugogoda pakhomo la mphunzitsi wakeyo, chitsulo chili chofiira pamoto. A Gondwe anathyola phesi la tirigu, nkuliika pakati pa masamba. Inu munadandaula kuti, "Aphunzitsi, mutisiya pamenepa?" Iwo anaseka, anati, "Mawa, mayi. Nkhani yabwino imafuna kugonera."

Mawa lake kunabwera anyamata a chipani asanu ndi mmodzi. Wotsogolera anali Layitoni, mwana wa malemu Nasibeko wa kutsidya, yemwe uja a Gondwe ankamuphunzitsa ulere masana, inu nkumamukazingira chimanga. Anati mabuku a aphunzitsi ndi a zigawenga. A Gondwe anawakokera pabwalo atagwira miyendo, mutu ukugunda pakhonde. Anawamenya ndi zibonga mpaka magalasi anaswekera kumaso, magazi kutsika ngati apha mbuzi. Ine anandigwira awiri, mmodzi ndinamuluma mpaka ndinalavula kachikopa. Anaunjika mabuku, kuthira parafini, kuyatsa. Ndiye inu, nkhalamba yosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, munapisa dzanja m'moto nkutola lobiriwira lija. Layitoni anakupondani ndi jombo m'nthiti katatu. Ndinamva phokoso lake, ngati nsungwi youma ikamathyoka. Munagwera pabukulo chafufumimba osalisiya, khungu la dzanja litasendeka ngati la mbatata yootcha. A Gondwe anawaponya m'lole ngati thumba. Inu simunafike kukolola kwina. Munatha pang'onopang'ono, mukulavulira magazi m'chitini.

Apa wolembayu waima, akuti bolopeni yatha inki. Bodza. Ndamupatsa ina.

Bukulo ndinalikulunga m'duku lanu nkuliika mumtsuko. Zaka zisanu ndi chimodzi lakhala mmenemo, phesi lili pomwe analisiya. Esinati anati andiwerengere, ndinakana. Mphunzitsi watsopano anapempha, ndinakana. Ndinkati a Gondwe anati mawa, ndiye mawa lawolo ndilidikira. Wogwira ntchito kuchipatala aliyense woyankhula chikumpoto ndamufunsa za iwo, palibe akuwadziwa. Koma ndisakunamizeni, amayi, mumtima mwanga nkhaniyo ndinkaimaliza tsiku lililonse. Wosula uja ankatsegula chitseko, nkutenga chitsulo chofiira chija, nkuchilowetsa m'diso la mnyamatayo mpaka chizime.

Ku Lisungwi kunabwera munthu ndi vidiyo ya jenereta, m'chisakasa cha udzu kuseri kwa msika. Anthu ankati ndi buku loyenda. Ndinalowa tsiku lina nditagulitsa manachesi, waimvi ndekha pakati pa anyamata onunkha thukuta. M'vidiyomo munali nkhalamba ina yophunzitsa mnyamata nkhonya kwa zaka zambiri, kenako mnyamatayo anapita kukapha adani ake, wina kumuthyola khosi, wina kumubaya ndi nsungwi, mpaka ndinaleka kuwerenga mitembo. Ndinafunsa mokweza kuti, "Nanga amayi a anthu akufawa atiwonetsa liti?" Anaseka onse, wina nkuti, "Agogo, khalani chete, ndi filimu basi!" Ndinatuluka ndikunyoza. Koma njira yonse yokwera kwathu mtima unkanditsekemera. Lemba choncho, usakonze. Unkanditsekemera.

Patapita masabata atatu, tsiku la msika, ndili pa manachesi anga, ndinamva mfuwu: "Wa makadi uja uyu! Mugwireni!" Anali Layitoni. Chipani chake chitagwa anathawira kutsidya kwa malire, ndiye njala inamubweza ndi thumba la makala panjinga, wowonda ngati galu wa alenje. Pamsika paja palibe amene sanatsekeredwepo njira ndi iyeyo. Anamugwetsa panjinga. Miyala, zidina, mapazi. Khutu lina linang'ambika nkumalendewera. Mayi wina wogulitsa tomato ankamumenya ndi mbale ya sikelo akulira kuti, "Mwana wanga anafera pamsana, iwe ukundifunsa khadi pachipata!" Wina anagubuduza tayala la galimoto, wina anathamangira parafini kugolosale.

Kenako bambo wogulitsa nyama anandiona. Anati, "Taimani! A Nangondo ali apa. Uyu anawaphera amayi awo, ayambe ndi iwo." Anthu anapatuka, wina nkundipatsa mpini wa khasu watsopano, wa mtengo wolemera.

Layitoni anadzutsa mutu, diso limodzi litatsekeka. Anati, "Mayi, ndine mwana wanu."

Ndinati, "Mwana wanga? Nanga amene unawaponda aja anali ndani wako? Tambasula mkono."

Anautambasula yekha, amayi, wamanja, pamwamba pa mwala. Ndinamenya katatu, monga anakuponderani inu. Kachitatu fupa linatulukira pakhungu, loyera ngati chinangwa chosenda. Anthu anakuwa mokondwa ngati m'chisakasa cha vidiyo muja. Koma ine chimene ndinamva ndi phokoso. Linali lomwe lija la nthiti zanu, nsungwi youma, osasiyana ngakhale pang'ono. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti phokoso limenelo ndi la jombo ya Layitoni. Tsiku limenelo linatuluka m'manja mwanga.

Ndisanataye mpini anali atamuveka kale tayala. Parafini anamuthira kuyambira kumutu, fungo lake nkundibwezera pabwalo pathu tsiku lija, dzanja lanu likufuka utsi. Paja munkati mukamatiletsa kutentha tchire, moto sufunsa kuti mbewa yolakwa ndi iti. Mnyamata wina anatulutsa machesi.

Ndinamutangadza Layitoni, mwendo uku mwendo uku. Ndinavula bulauzi nkuiponya pansi, mabere awa anayamwitsa ana asanu ndi atatu ali pamtunda. Ndinagwira mfundo ya chitenje. Ndinati, "Amene akhwatche machesiwo ayambe waona pamene anatulukira. Ndimasule?"

Mukudziwa inu, palibe mwamuna amene amafuna tsoka loona umaliseche wa mayi wa msinkhu wa amake. Akuluakulu anatembenuka msanga atagwira kumaso. Wanyama uja anati, "Mayi, mwapenga kodi? Si inu nomwe mwamuthyola?"

Ndinati, "Ndapenga, eya. Ndi wanga uyu. Ndamuthyola ndine, ndipo wonena kuti zakwana ndine."

Wamachesi uja ankazengereza, ndiye ndinamasula mfundoyo theka. Anataya bokosi nkuthawa, anzake pambuyo. Mwala umodzi unachokera kumbuyo kwa gulu nkundiboola pachipumi, chipsera chake ndidzabwera nacho kumeneko. Mayi wa tomato uja anandilavulira kumapazi. Ndinamuleka, chifukwa naye ali ndi manda ake. Ndinamuvula Layitoni tayala, nkumukweza pa wilibala ya munthu wa makala, nkumukankha ndekha mpaka kuchipatala.

Madzulo kunabwera wapolisi ndi kabuku kake. Anamufunsa kuti wamuthyola mkono ndani. Layitoni anati, "Sindinaone, bwana." Ine ndinati, "Bodza. Ndine. Lembani Elube Nangondo, mpini wa khasu, katatu." Wapolisiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, anati, "Mayi, mukufuna kukagona m'chitokosi eti?" Ndinati, "Ngati malamulo atsopanowa akutero, tiyeni, koma dzina langa lisasowe m'bukumo." Analemba, nkunena kuti adzandiitana. Mpaka lero ndikudikira, kathumba kanga kali komanga.

Sabata yotsatira ndinatsika phiri ndi mtsuko pamutu. Ndinamupeza Layitoni kuchipatala atagona, mkono uli m'chikhakha. Ndinamasula duku lanu nkumuika bukulo pachifuwa. Atangoona chikuto chopserera analizindikira.

Ndinati, "A Gondwe anakuphunzitsa kuwerenga. Yambira pa phesipo."

Anawerenga, odwala anzake atatchera khutu. Wosula uja anatsegula chitseko. Anamuyang'ana wophunzira wake, anayang'ana chitsulo pamoto, mapazi a othamangitsa akumveka kumtsinje. Anatambasula dzanja lopanda chala lija. Layitoni anatembenuza tsamba, nkuleka kuwerenga.

Ndinati, "Pitiriza."

Anati, "Apa papsa, mayi. Masamba onse otsala ndi makala."

Ndinati, "Anawotcha ndani?"

Anati, "Ine."

Ndinati, "Nanga iwe sunaliwerengepo mpaka kumapeto, muja unkadya chimanga chathu?"

Anati, "Anandibwereka, koma sindinalimalize."

Ndinaseka, amayi, kuseka koipa, mpaka anamwino anabwera kudzandiletsa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikulondera mtsuko, inu munapereka dzanja ndi nthiti, mapeto ake mulibemo. Sitidzadziwa ngati dzanja lija linkapita ku chitsulo kapena kwa mwanayo. Langali linapita konse kuwiri.

Tsopano khalani pansi. Amene akulemba kalatayi ndi Layitoni. Mkono wamanja unapola mopindika, sugwiranso kanthu. Kwawo kulibe womulandira. Atatuluka m'chipatala anabwera nkukhala pansi pa nachesi wanu masiku awiri osapempha kanthu, mpaka ndinamuponyera makope akale a Esinati nkumuuza kuti wosula uja anayambiranso ndi lamanzere. Miyezi inayi wakhala akukwala mapepala ngati nkhuku. Lero ndaona kuti mizere yayamba kuwongoka, ndiye ndati ntchito yake yoyamba ikhale iyi: alembe ndi dzanja lake zimene anakuchitani, ndi zimene ndinamuchita ine, osadumpha. Pamene zilembo zafufutika si mvula ayi, kuno ndi chilimwe. Amagona m'kanyumba ka a Gondwe. Yohane waleka kuponda pakhomo pano, akuti ndikuweta njoka. Mwina akunena zoona. Chitseko changa ndimatseka ndi mpiringidzo.

Musaganize kuti ndamukhululukira. Masiku ena ndikamuona akutunga madzi ndi dzanja limodzi, ndimamva chisoni. Masiku ena ndimayang'ana mkono wotsalawo. Musandifulumize, mukudziwa kuti ndinatengera inu.

Mwezi wamawa tikumanga chiliza chanu, njerwa taotcha kale. Simenti ikadali yaiwisi, dzina lanu adzalemba ndi iyeyu, atagwada, ndi dzanja lamanzere, ndipo kalatayi adzakuwerengerani mokweza pamaso pa abale onse. Likadzatuluka lopindika dzinalo, lisiyeni choncho. Buku lija ndidzabwera nalo kuti mulione, koma sindikusiyirani, mwina a Gondwe ali moyo kwinakwake ndipo mapeto ake akuwakumbukira. Phesi ndalibwezera pamalo pake.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi chokha, chimene ndingathe: dzanja langali silidzakwezanso mpini pa munthu, ndipo pamene ine ndaima sipadzayaka moto wa munthu, ngakhale ndichite kuvula pamaso pa dziko lonse.

Gonani bwino, mayi wanga. Ndimakukondani monga kale, mwaukali.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Elube Nangondo