Magalasi Akuda

Lolemba, 9 Juni

A Manijala akuti vuto langa si mawu, si gitala. Vuto ndi loti ndikatsika pasiteji palibe angandikumbukire. Akuti ndimaoneka ngati kalaliki wa muofesi amene wasochera n'kulowa mu dansi. Ndinaseka nawo, nanga n'kutani. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuimba ndi achimwene m'maukwati ndi m'mabala, aka n'koyamba munthu kutipatsa siteji yaikulu. Pa 28 tikatsegulira oimba otchuka kuholo. Koma akuti ndiyambe ndapeza maonekedwe.

Anaitana mayi wina wodziwa zovala. Anandizungulira katatu ngati akugula mbuzi. Jekete yoyera, tsitsi kumeta mbali imodzi, ndi magalasi akuda aakulu otseka mpaka nsidze. Pakalilole ndinaona mkazi wolimba mtima, woti sanapepesepo munthu chibadwire. Ndinamusirira, koma sindikumudziwa.

Achimwene ali kumadiramu awo anangoti, "Chemwali, ukamaliza ukabweze magalasiwo kwa wowotcherera zitsulo, ntchito yamuimira."

Lachiwiri, 10 Juni

Zithunzi. Maola anayi osamwetulira, ati mano anga amachotsa ulemu. Khosi likuwawa.

Lachinayi, 12 Juni

Pulakatisi yoyamba nditavala zonse. Chisokonezo chokhachokha.

Palibe anaganizapo, ngakhale ineyo. Ine ndi achimwene sitiwerenga nyimbo. Sitinaphunzire za mabiti kapena mapepala. Ndikafuna kubwereza kolasi ndimacheuka n'kuwatong'olera maso. Ndikafuna tithere pomwepo ndimawatsinzinira, iwo n'kumenya komaliza. Basi. Tinayamba choncho tili ana, iwo akumenya ndowa ya amayi, ndipo sitinakambiranepo n'kamodzi komwe.

Lero ndatsinzinira mpaka diso kuwawa, munthu akungopitiriza. Ine ndasiya kuimba, iwo ali pakati. Nyimbo yachitatu anaima okha ndikadali ndi vesi yathunthu. Mnzathu woimba gitala ya besi anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sizinandiseketse.

Loweruka, 14 Juni

Tayesa zonse. Kugwedeza mutu, koma ine ndimagwedeza mutu nyimbo yonse, ndiye adziwa bwanji kuti uku ndi kwenikweni? Kukweza gitala m'mwamba, ndaiwala kawiri, iwo aiwala katatu. Kuponda phazi, sakuliona chifukwa cha sipika.

Ndinapempha a Manijala kuti mwina ndizivula magalasi nyimbo ikamatha. Anandiyang'ana ngati ndapempha kukaimba chosavala. "Wa magalasi savula. Ndipo uleke kucheukacheuka, anthu sakubwera kudzaona msana wako." Kenaka anawonjezera kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Tinabwerera limodzi ndi achimwene. Pofika pamphambano akuti, "Ndimayang'ana pankhope pako n'kumadziona ndekha kawiri." Ndinafuna kuseka, zinakanika.

Lamulungu, 15 Juni

Mapositala atuluka. Ndadutsa atatu popita kumsika, ndinaima pansi pa imodzi mphindi zingapo, palibe anandizindikira.

Lachiwiri, 17 Juni

Eni ake a shoo anabwera kudzatimvera masana. Anthu awiri, mipando iwiri, manja atapinda pachifuwa. Achimwene anayesetsa, Mulungu ndi mboni. Ndinkawamva akuwerenga chapansipansi kumbuyo kwanga, thukuta lili kamukamu. Nyimbo ziwiri zinatha bwino. Yachitatu mtima unanditenga, ndinabwereza kolasi monga ndimachitira ikandikoma, ndipo iwo anali atamenya kale komaliza. Mawu anga anatsala okha m'chipindamo. Mmodzi wa alendo aja analemba kanthu pafoni.

Onse atatuluka a Manijala anatseka chitseko, tinatsala awiri. Akuti eni shoo andikonda, jekete aikonda, magalasi ndiye osanena. Koma wa madiramu asinthidwe. Alipo wa pasitudiyo pompano, wowerenga mabiti ndi zomvera m'makutu, sasowa diso la munthu.

Ndinati amenewo ndi achimwene anga. Akuti akudziwa. Ndinati cholakwa n'changa, ndine ndinabwereza. Akuti ine ndili papositala, iwo palibepo. Ndinati nanga ndikangosiya magalasiwo? Akuti ndiye ndisiyenso pa 28, chifukwa anthu akuyembekeza mkazi wa pachithunzi uja.

"Ukawauze wekha, kwa ine angamve kuwawa." Ngati kwa ine angamve kukoma.

Lachitatu, 18 Juni

Achimwene sindinawauze. Ananditumizira uthenga m'mawa kuti agula kope, alembamo nyimbo zonse zisanu ndi manambala, vesi iyi kanayi, kolasi kawiri. Munthu amene sukulu inamukana yekha. Alamu anga, akazi awo, nawonso akuti akuwasokera shati yakuda kuti isalimbane ndi jekete yanga.

Ndagwira gitala, ndaisiya. Ndalemba uthenga kwa a Manijala wokana zonse, ndaufufuta. Ndalembanso, ndafufutanso. Zoona zake n'zakuti sitejiyo ndikuifuna. Ndikuifuna kwambiri moti ndikuchita nazo manyazi. Ndatopa kuimba anthu akudya ndi kukuwa kuti tiike nyimbo za eni ake. Ndasowa mtengo wogwira.

Lachinayi, 19 Juni

Ndinanama kuti mmero ukuwawa, pulakatisi kulibe. Achimwene akuti ndimwe madzi otentha.

Lachisanu, 20 Juni

Ndinapita kwa achimwene m'mawa. Kuchokera pageti ndinawaona pakhonde, kope lili pamwendo, timitengo tikugunda pampando, milomo ikuwerenga. Sanandione msanga.

Magalasi anali m'chikwama, ndinatengera zithunzi zina zamasana. Palibe anandiuza kuti ndivale. Kunalibe a Manijala, kunalibe kamera, ngakhale dzuwa kunalibe. Ndinawatulutsa ndekha n'kuvala, ndiyeno ndinatsegula geti.

Anaseka. "Mpaka kuno, chemwali? Khala apa umve, ndaigwira tsopano."

Ndinakhala. Anamenya nyimbo yachitatu ija yonse pampando, osaphonya ngakhale pamodzi. Atamaliza anandiyang'ana kudikira kuti ndinena chiyani. Ndinanena zonse mwakamodzi, mawu osanjenjemera, ngati ndikuwerenga chidziwitso. Za eni shoo, za wa pasitudiyo, za pa 28.

Anatseka kope pang'onopang'ono. M'nyumba makina osokera a alamu anga anali akulirabe.

"Iweyo wavomera?"

Ndinati eya.

Anayang'ana apa ndi apo pankhope panga, kufuna polowera.

"Tavula kaye, mlongo wanga. Ndingofuna ndikuone."

Dzanja ndinakweza ndithu, linafika mpaka pakhutu. Ndinangowakankhira m'mwamba pang'ono kuti akhale bwino pamphuno.