Dandaulo pa Nkhani ya Bakha wa Amayi

Payangan, Lachiwiri

Okondedwa Achimwene a Sudira,

Ine Candri, mlongo wanu, mwini digiri ya zaulimi, woyang'anira minda ya maluwa pa hotela ino, ndikupereka dandaulo langa mwaulemu wonse pa nkhani ya bakha amene munanditumizira pa basi m'dengu lobooka. Koma poti Amayi anandilera bwino, ndiyambe ndafunsa: muli bwanji kwathu ku Tejakula? Bambo miyendo ija ikuwalola kufika kumunda? Ine ndili bwino. Chikudwala ndi ulemu wanga.

Ndikukumbutseni mlandu wanu. Bambo atadwala, Amayi anawinda kuti akachira adzapereka bakha woyera ngati nsembe kwa makolo athu akale, pakachisi wa banja lathu. Bambo anachira, bakha anapezeka, wansembe anamuwaza madzi odalitsa n'kumumanga kaulusi kumwendo. Kungoti anali woonda ngati mpini wa tsache. Ndiye nzeru zanu zinakuuzani kuti Candri amakhala pakati pa minda ya mpunga, angokolola kumene, bakhayu akanenepe ndi nkhono za m'ziputu. Munati savuta. Makolo athu akukhululukireni.

Bakha wanu za m'ziputu alibe nazo ntchito. M'mawa uliwonse ndikanyamula lichero la tinsembe kukaika pachipata, patsinde pa mitengo ndi pakachisi wa m'mphepete mwa munda, iye ali pambuyo panga, nyang'anyang'a ngati mkulu wa boma. Amadikira ndiyatse lubani, ndimalize pemphero, kenako n'kutola timpunga tonse ta m'tinsembemo. Palibe cholakwa, nsembe ikaperekedwa chotsala n'cha nyerere ndi agalu. Koma alendo ataona anati apeza bakha wopemphera.

Tsopano amalawirira kudzamujambula. Mayi wina wa ku Jeremani anamutcha Gustav. Ine ndabzala maluwa bwalo lonseli, ndatha mawu kukangana ndi alimi oyandikana nafe za madzi a m'ngalande, palibe anandifunsapo dzina. Lero ndimadziwika kuti mtsikana uja amayenda patsogolo pa Gustav. Suarti wa kukhitchini sandipatsa mpata. Dzulo anandikuwira anthu onse akumva: "Aphunzi! Abwana anu ali m'dziwe la alendo, akuti muwatengere chopukutira!"

Abwana enieni, a Hendrawan a ku Jakarta, amene sasiyanitsa mbande ya mpunga ndi udzu, amujambulitsa bakhayu pachikwangwani cha kumsewu. Nditawauza kuti mwezi ukakhala wathunthu Gustav akupita kwawo kukaphedwa, anakhala pansi n'kupempha madzi akumwa. Anati pali alendo amene asungitsa zipinda chifukwa cha iyeyo, ndipo akatuluka pachipata inenso ndimutsatire, ndisabwerenso. "Mayi Candri, olima maluwa ndi ambiri pachilumba pano. Gustav ndi mmodzi." Anatero akundiyang'ana m'maso, Achimwene. Ine, wa digiri.

Ndinaganiza zogulira Amayi bakha wina. Ndinapita kukafunsa wansembe wa mudzi uno, a Mangku Rerod, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, wowazidwa madzi ndi yemweyo. Ukufuna kupusitsa makolo akale? Iwo aja amamudziwa nkhope." Nditatembenuka kuti ndizipita, anawonjeza akuyang'ana kumwamba kuti chibadwire sanamvepo zoti mlendo wa pahotela amadziwa nkhope ya bakha.

Ntchitoyi ndikuifuna, musanamizidwe ndi pakamwa pangapa. Koma Amayi mukuwadziwa. Chowinda chikapanda kuperekedwa, Bambo akangoyetsemula iwo adzati matenda aja abwerera, ndipo tulo sadzationanso. Sindingalole zimenezo chifukwa cha chikwangwani cha a Hendrawan. Bakha wa kaulusi akubwera kwathu. Makolo sapusitsika, choncho tipusitsa alendo.

Pempho langa ndi limodzi. Pezani bakha wina woyera, wamphongo, wonenepa, wa nkhope yodzimva. Koma kuyera kokha sikukwanira, ayenera kuidziwa ntchito: kutsatira munthu wa lichero, kudikira lubani, kenako kudya. Wina amuphunzitse. Alamu anga a Warsiki ali ndi khanda kumanja. Amayi asamve n'komwe kuti bakha wawo anatsala pang'ono kulembedwa ntchito. Mwatsala ndinu.

M'dengu lanu lobooka lija, limene ndikubweza ndi kalatayi, mupezamo bulauzi yanga yachikasu ya kukachisi, nsalu ndi lamba wake. Gustav satsatira munthu wa buluku, ndayesa ndi alonda, ndiye mnzakeyonso azolowere zomwezo. Muzivala m'mawa uliwonse, kuseri kwa nyumba, lichero m'manja. Muziyenda pang'onopang'ono, timapazi tifupitifupi, osati chiyendayenda chanu chija ngati mukuthamangitsa ng'ombe. Bulauziyo ikathina musakoke mabatani, ingopumani mosamala. Akaphunzira mubwere naye mwezi usanakhale wathunthu, tidzasinthane kuseri kwa khitchini. Suarti walonjeza kuti tsiku limenelo maso ake adzakhala pa anyezi.

Ndikudziwa mukuseka powerenga za ine ndi bakha wanga. Sekani ndithu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mundiperekere moni kwa Amayi ndi Bambo, muwauze kuti bakha wanenepa moti akuyenda mopendama. Moninso kwa alamu anga ndi kamwanako, kwa Azakhali, ndi kwa Amalume ngati ayambanso kulankhula nafe.

Pomaliza, za chipukuta misozi. Poona kuti dzina langa lanyozeka pamaso pa mitundu ya anthu, ndipo mbalame yandidumpha paudindo, ndikulamula kuti tsiku la mwambo ntchafu zonse ziwiri za Gustav zidzakhale pambale panga, ndidzadye wina aliyense asakundilankhula. Ndikulamulanso chithunzi chimodzi chachikulu, chooneka bwino: inu, masharubu anuwo, bulauzi yachikasu, lichero m'manja, bakha pambuyo. Digiri ndaichotsa kale pakhoma. Msomali ukudikira.

Ndine mlongo wanu wozunzika,
Candri,
Wachiwiri kwa Bakha