Sipuling'i Munaimanga ndi Waya

Achimwene,

Ndikupatsani moni poti ndimo anatilelera mayi, osati kuti mtima ukufuna. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga? Kuno sitili bwino. Diso la bambo lakumanzere lafa.

Mukuikumbukira hamala yoyendera mpweya ija munabwereka ku galaja ya bambo musanasamuke? Munaibweza ili m'bokosi, yopukutidwa ngati mkwatibwi. Koma sipuling'i yakutsogolo, yomwe imagwira tchizulo kuti isafwamphuke, munaithyola, n'kuimanga ndi waya, n'kupakapo girizi kuti pasaoneke. Simunauze munthu.

Lachiwiri lapitalo bambo ankadula maliveti, misomali yolumikizira zitsulo ija, pansi pa lole ya kasitomala. Liveti loyamba linaduka, lachiwiri linaduka. Pa liveti lachitatu waya wanu anamasuka, tchizulo inauluka, kumenya chitsulo n'kubwerera kumaso. Magalasi anavala, koma anasweka. Ine ndinali pa benchi, ndikutsuka mabawuti. Anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

Kuchipatala anauza adokotala kuti wolakwa ndi iwo, ati mmisiri amayamba wayang'ana chida asanachigwire. Titabwerako anandiletsa kukulemberani, ati mwana wawo ali ndi zambiri zoganiza. Mwamva? Diso lapita, koma akukuikiranibe kumbuyo.

Ndaswa lamulo lawo, ndipo sindikupepesa.

Mudziwenso kuti lole ija ndaimaliza ndine, yemwe munkati ntchito yanga ndi kusesa. Ndinaika sipuling'i yatsopano. Bambo anakhala pa thayala, bandeji ili kumaso, kumandiuza kuti ndidonthezere mafuta polowera mpweya, ndichepetse mphamvu ya kompuresa, ndiyambe ndatsamiza tchizulo pachitsulo ndisanakanikize. Manja anachita dzanzi mpaka kapu inkandipulumuka, koma maliveti onse anatuluka. Chokhomera chosongoka chotulutsira maliveti ndinachita kubwereka kwa makaniko anzathu, poti chathu chili kwa inu. Musakane, malo ake m'bokosi ali gwaa. Mutumize.

Zoti galajayi idzakhala yanu poti ndinu mwamuna, mufufute m'mutu.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi. Musandiimbire foni, musatume alamu. Lemberani bambo nokha, muwauze zomwe munachita ndi dzanja lanu. Mulembe zilembo zikuluzikulu, chifukwa diso lotsalalo likutopa msanga.

Mundiperekere moni kwa ana, iwo alibe mlandu. Mulungu akusungeni ndi maso anu onse awiri.

Ndine mlongo wanu,
amene akutsegula galaja masiku ano.